Mwamaliza unamwino kumudzi ndipo mukufuna PIN (nambala ya chilolezo cha unamwino) ya ku UK? Yambirani ku Lilongwe

Ife amene tili kuno ku UK, mwezi sutha osalandira uthenga pa WhatsApp wochokera kwa mng'ono wa mnzathu kapena mwana wa kumpingo amene wangomaliza unamwino ku KUHeS kapena ku koleji ya CHAM. Funso lake ndi limodzi: "Asisi, ndiyambire pati?" Yankho langa limakhumudwitsa ambiri, koma ndilo loona: yambirani ku Lilongwe.

Bungwe lopereka chilolezo kwa anamwino kuno ndi Nursing and Midwifery Council, yomwe timangoti NMC. Iwowa sakhutira ndi satifiketi ya sukulu yokha. Amafuna umboni wochokera ku Nurses and Midwives Council of Malawi, khonsolo ya anamwino yomwe ili ku Lilongwe, wonena za kulembetsa kwanu, ndipo umboniwo uyenera kuchokera ku bungwelo, osati m'manja mwanu. Choncho lembani mayeso a khonsolo, tengani laisensi yanu musanakwere ndege. Kutsata mapepala muli kutali, kumatuma achibale ku maofesi, ndi mtanda wosafunika kuusenza. Onetsetsaninso kuti dzina la pa pasipoti, pa satifiketi ndi pa laisensi likufanana chilembo ndi chilembo. Ngati munasintha dzina pokwatiwa, setifiketi ya ukwati ikhale pafupi. Amene muli ndi pepala la NMT (nurse midwife technician), funsani kaye a NMC ngati likukwanira musanawononge ndalama, ndipo maganizo anga ndi oti muyambe mwakweza maphunziro kufika pa registered nurse.

Kale NMC inkafuna kuti munthu ayambe wagwira ntchito chaka chathunthu atamaliza sukulu. Lamulolo linachotsedwa. Komabe chaka cha mu wodi ku Queens kapena ku Central sichipita pachabe, manja amazolowera ndipo mumakhala ndi chonena pa intavyu.

Pamene ambiri amagwera ndi pa Chingerezi. "Ine ndinaphunzira zonse m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale," amatero. Zoona, koma Malawi sili pa mndandanda wa NMC wa mayiko amene anthu ambiri amalankhula Chingerezi. Muyenera kulemba IELTS Academic ndi kupeza 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Kapena OET, yomwe imafuna B pa zitatuzo ndi C+ pa kulemba. Ine ndimalangiza OET chifukwa nkhani zake ndi za m'chipatala, monga kulemba kalata yotumiza wodwala kwa dokotala wina. Zotsatira zimagwira ntchito zaka 2 zokha, ndiye musalembe kenako n'kukhala chete.

Kwa inu amene muli kale kuno mukugwira ntchito ya ukeya (yosamalira okalamba ndi odwala), pali khomo lina lomwe ambiri salidziwa. Kuyambira 2023, ngati munaphunzira unamwino m'Chingerezi ndipo mwagwira ntchito ya zaumoyo kapena yosamalira anthu kuno kwa miyezi 12, abwana anu akhoza kukuchitirani umboni ku NMC kuti mumalankhula bwino Chingerezi. Amati SIFE. Werengani malamulo ake pa tsamba la NMC, kenako kakambiraneni ndi manijala wanu.

Zikatero kwatsala mayeso awiri. CBT ndi ya pa kompyuta, imalembedwa kudzera ku Pearson VUE, ndipo ili ndi gawo la masamu a mankhwala ndi gawo la chisamaliro cha odwala. OSCE, yomwe ndi mayeso oonetsa mmene mumasamalira wodwala, imachitikira ku UK kokha, m'malo ngati Northampton, Oxford Brookes ndi Leeds, ndipo mtengo wake ndi pafupifupi mapaundi 800. Ili ndi masiteshoni 10. Anamwino akwathu ntchito amaidziwa, chimene chimawagwetsa ndi kuchita zinthu mwakachetechete. Kwathu, pamzere wa odwala 60, umangogwira ntchito. Pa OSCE uyenera kunena mokweza chilichonse: kusamba m'manja, kufunsa wodwala dzina ndi tsiku lobadwa, kufunsa ngati pali mankhwala amene samuyanja, kupempha chilolezo usanamugwire. Phunziraninso tchati cha NEWS2, chothandiza kuona msanga ngati wodwala akufooka, mpaka chilowe m'magazi.

Tsopano nkhani imene imandiwawa. Malawi ili pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa mayiko 55 osowa ogwira ntchito zaumoyo, ndipo boma la UK linaiika pa red list, limodzi ndi Zambia ndi Zimbabwe. Tanthauzo lake si lakuti Mmalawi ndi woletsedwa kugwira ntchito kuno ayi. Chimene chili choletsedwa ndi chakuti zipatala kapena ma ejenti apite kukakopa anamwino kumudzi. Inuyo mukhoza kufunsira nokha ntchito yomwe yalengezedwa, mwachitsanzo pa NHS Jobs. Munthu akakuuzani kuti "tumizani mamiliyoni, ndikupezerani sponsorship," dziwani kuti malamulo a kuno salola ejenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito. Makolo asagulitse munda chifukwa cha zimenezi.

Ntchito ikapezeka, mumafunsira Health and Care Worker visa, ndipo ochokera ku Malawi amafunika satifiketi yoyezetsa TB ku chipatala chovomerezedwa ndi boma la UK. Musanasaine kontrakiti, yang'anani ndime yonena za ndalama zomwe mudzabweze mukadzasiya ntchito msanga, ndipo funsani ngati iwo adzakulipirirani OSCE ndi malo ogona a masabata oyamba. Yankho lake lilembedwe mu kontrakitimo, lisangothera pa foni.