Kayesedwe ka modelo ya chilengedwe pamene miyezo ikutsutsana

Ophunzira achimalawi amene akuyamba kafukufuku wa zakuthambo pa yunivesite ya Wits kapena ya Johannesburg ayenera kuyamba ndi kudziwa bwino manambala amene akukangana. Zotsatira za setilaiti ya Planck za mu 2018 zinasonyeza kuti chilengedwe chikufutukuka pa liwiro la makilomita 67.4 pa sekondi pa megaparsec iliyonse (muyezo wa mitunda italiitali ya pakati pa milalang'amba), pamene gulu la SH0ES la Adam Riess, limene limayeza mitunda pogwiritsa ntchito nyenyezi za Cepheid (zimene kuwala kwake kumakwera ndi kutsika mobwerezabwereza) ndi ma supernova (nyenyezi zophulika), linapeza 73.04 mu 2022. Kumbukirani kuti nambala ya Planck siyoyezedwa mwachindunji, koma imatuluka mukawerengera kuwala kwakale kotsalira kuchokera pachiyambi cha chilengedwe, kotchedwa CMB, mutavomereza kale modelo ya Lambda-CDM, imene akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito pofotokoza chilengedwe, choncho mukasintha modeloyo, nambalanso imasintha.

Ngati mukufuna kuyesa modelo yanu yothetsa kusiyana kumeneku, musanaikhudze, ikani pa kompyuta pulogalamu ya CLASS kapena CAMB (yowerengera zimene modelo ikulosera) pamodzi ndi Cobaya kapena MontePython (yoyerekezera zimenezo ndi miyezo), ndipo mubwereze zotsatira za Planck ndi Lambda-CDM yosasinthidwa. Ngati simukupeza nambala yoyandikira 67.4, vuto lili m'makonzedwe anu, ndipo musapitirire mpaka mutalipeza. Ambiri amadumpha gawo limeneli chifukwa silisangalatsa, koma ndi lokhalo limene lingakutsimikizireni kuti zimene mudzaone pambuyo pake n'zochokera ku modelo osati ku cholakwika cha pulogalamu.

Kenaka sankhani nthawi ya chilengedwe imene mukufuna kusintha. Kusintha za posachedwapa, monga khalidwe la dark energy (mphamvu yosadziwika yofulumizitsa kufutukuka kwa chilengedwe), sikuthandiza kwenikweni kukweza liwirolo, chifukwa miyezo ya BAO (chizindikiro cha mafunde akale chooneka m'kafalikidwe ka milalang'amba), monga ya kafukufuku wa DESI, pamodzi ndi ma supernova a m'ndandanda wa Pantheon+ yatsekereza kale njira imeneyo. Njira imene ili ndi mpata ndi yosintha za kale kwambiri, zaka pafupifupi 380,000 zoyambirira, kuti muchepetse mtunda wa ma megaparsec pafupifupi 147 umene mafunde a phokoso anayenda m'chilengedwe panthawiyo, popeza mtunda umenewu ndiwo muyezo umene CMB ndi BAO zonse zimadalira. Ukachepa, liwiro lowerengedwa limakwera, ndipo ndi zimene early dark energy, modelo yoonjezera mphamvu yonga dark energy m'nthawi yoyambirirayo, imachita.

Apa ndiye pamene pamafunika kusamala kwambiri. Modelo yokweza liwiro kawirikawiri imafuna dark matter (zinthu zosaoneka zodziwika ndi mphamvu yake yokoka) yochulukirapo kuti igwirizanebe ndi CMB, ndipo zimenezi zimakweza S8, nambala yosonyeza mmene zinthu zaunjikirana m'chilengedwe. Planck imapereka S8 ya pafupifupi 0.83, pamene ofufuza a KiDS-1000 ndi Dark Energy Survey, poyeza mmene milalang'amba imapindira kuwala, anapeza pakati pa 0.76 ndi 0.78, ngakhale kuti zotsatira za KiDS za mu 2025 zinakwera n'kuyandikira Planck. Modelo yotere imakhala ngati bulangete lalifupi, mukafunda kumutu mapazi amakhala pamtunda, choncho muziyang'ana manambala onse awiri, liwiro ndi S8, nthawi imodzi.

Musaphatikize miyezo yotsutsana mosaganizira, chifukwa kompyuta idzangokupatsani nambala yapakati imene palibe mbali ikuivomereza. Yesani modelo ndi CMB ndi BAO kaye popanda SH0ES, muone ngati ikufika yokha pafupi ndi 73, kenaka muonjezere SH0ES ndi kuona kuti chi-squared (nambala yosonyeza mmene modelo ikusiyanirana ndi miyezo) ya gulu lililonse la miyezo yasintha bwanji. Modelo imene imakwera pokhapokha SH0ES itaikidwamo, ine ndimaikayikira. Parameter iliyonse (nambala yosinthika ya mu modelo) imene mwaonjezera iyeneranso kulipiridwa, pogwiritsa ntchito AIC kapena Bayesian evidence, njira zoonera ngati parameter yoonjezerayo ikufunikadi, popeza modelo ya ma parameter ambiri imagwirizana ndi chilichonse mosavuta.

Ma chain a MCMC, njira imene kompyuta imayesera nayo ma parameter kambirimbiri, amatenga masiku, ndiye laputopu ya m'chipinda chogona ku Braamfontein sikwanira. Pemphani amene akuyang'anira kafukufuku wanu kuti akupezereni malo pa makompyuta amphamvu a CHPC (Centre for High Performance Computing) a ku Cape Town, ndipo musawerenge zotsatira mpaka R-1 ya Gelman-Rubin, nambala yosonyeza ngati ma chain agwirizana, itatsika pansi pa 0.01. Ikatsika, sinthani malire a ma prior (zimene mumaika poyambirira za parameter iliyonse) ndi kuyendetsanso, chifukwa pa early dark energy malirewo paokha amatha kusuntha yankho.