Mmene mungalowere m'macheza a masapota a baseball ndi hockey mukakhala ku Boston

Abale amene mwangofika ku Boston kapena matauni ozungulira, kaya mwabwerera sukulu kaya ntchito, mwaona kale zimene zimachitika nthawi ya buleki. Anthu amakangana za Red Sox ndi Yankees, matimu a baseball, ikafika nyengo yozizira nkhani imasanduka ya Bruins ndi Canadiens, matimu a hockey ya pa ayisi, mawu mpaka kukwera, inu muli duu ndi khofi wanu kudikira kuti wina atchuleko Arsenal. Macheza amenewa ndi olowereka ndithu. Malamulo a gemu musade nawo nkhawa, amabwera okha mukamaonera. Chofunika kuyamba kudziwa ndi mabala a timu, kuti inapwetekedwa chaka chanji, anaipweteka ndani, ndipo anthu analira bwanji, chifukwa masapota a kuno akamacheza amakhala akukumbutsana zimenezo basi.

Choyamba sankhani timu, imodzi ya baseball imodzi ya hockey, ndipo mukasankha mwasankha. Zili ngati kwathu, munthu sangakhale wa Maule lero mawa nkupezeka wavala zabuluu za Manoma chifukwa choti awina, anthu amasiya kumumvera. Mukakhala ku Boston nkhani ndi yachidule, Red Sox ndi Bruins. Mutha kusankha ina, palibe angakumenyeni, koma mukhale ndi chifukwa chomveka, monga kuti munafikira ku New York kapena ku Montreal kaye, kapena amene anakulandirani mdziko muno ndi sapota wa timu imeneyo. Chifukwa chokhacho chimene salandira ndi chakuti "ndinasankha chifukwa ikuwina".

Ndiye pali nkhani ya chipewa. Chipewa chija cha zilembo za NY zolukana, chimene timagula pa kaunjika ndi kuvala osaganiza kanthu, ndi chizindikiro cha New York Yankees, mdani wamkulu wa Red Sox. Mu tauni mutha kuvala, angokuyang'anani, koma mukamapita ku Fenway Park, bwalo la Red Sox, kapena ku bala tsiku la gemu chisiyeni kunyumba, pokhapokha ngati mwakonzeka kuyankha aliyense usiku wonse.

Za mmene gemu imayendera ndinene mwachidule. Baseball imayamba kumapeto kwa March mpaka September, timu iliyonse imasewera magemu 162, kenako October ndi mwezi wa playoffs, ndime yochotsana, mpaka World Series, imene ndi fainolo yake. Gemu ili ndi zigawo 9 zimene amati ma inning, akafanana amawonjezera ena, ndipo ilibe wotchi yonena kuti nthawi yatha, nchifukwa chake sapota sachoka msanga olo timu ikutsalira. Hockey imayamba October mpaka April, ma period atatu a mphindi 20, ndipo chikho chake ndi Stanley Cup chimene chimaperekedwa mu June. Ma series akuluakulu, pamene matimu awiri amasewera magemu angapo motsatizana, amakhala oti woyamba kuwina magemu 4 mwa 7 ndiye wadutsa. Zokwanira poyambira ndi zimenezo.

Tsopano mabala a Red Sox, ndipo apa khalani pansi muloweze. Timuyi inali yamphamvu kwambiri poyamba, inawina World Series mu 1903, 1912, 1915, 1916 ndi 1918. Kenako mwini wake Harry Frazee anagulitsa Babe Ruth ku Yankees kumapeto kwa 1919 pa mtengo wa madola 100,000, ndipo kuchokera pamenepo Yankees inayamba kukolola zikho mpaka pano ili ndi 27, pamene Boston inakhala zaka 86 osalawa. Anthu anafika pomati ndi tsoka la Babe Ruth. Mkati mwa zaka zimenezo muli maina atatu oti muwadziwe. Bucky Dent, 1978, wosewera wa Yankees amene sankadziwika ndi kumenya patali koma anamenya home run (kumenya mpira mpaka kutuluka kunja kwa malo osewerera nkupeza chigoli) yodutsa pamwamba pa khoma lobiriwira la Fenway lija amati Green Monster, pa gemu imodzi yokha yosankha wopita ku playoffs. Bill Buckner wa Red Sox, 1986, mpira unamudutsa pakati pa miyendo pa Game 6 ya World Series ndi New York Mets. Aaron Boone wa Yankees, 2003, home run mu inning ya 11 ya Game 7 pa mpira woponyedwa ndi Tim Wakefield wa Red Sox.

Mukadziwa atatu amenewo ndiye 2004 imamveka kukoma kwake. Pa series yolimbirana kupita ku World Series, Yankees inali itawina Boston magemu atatu oyamba, ya chitatu anawina 19-8 pa Fenway pomwepo, ndipo mu mbiri ya baseball kunalibe timu imene inabwererapo itatsalira 3-0. Game 4, inning ya 9, Boston ikutsalira 4-3, woponya ndi Mariano Rivera wa Yankees amene anthu ambiri amati palibe wotseka gemu ngati iye. Kevin Millar wa Boston analandira walk, kutanthauza kupita ku first base mwaulere, kochi nkumuchotsa kuika Dave Roberts kuti akangothamanga basi. Bwalo lonse linkadziwa kuti Roberts akufuna kuba second base, kuthamangirako osadikira kuti mpira umenyedwe, Rivera naye ankadziwa, anaponya ku first katatu konse kumubweza, Roberts akudzigwetsa chafufumimba kubwerera, kudzuka, kusansa dothi, nkutalikiranso. Mpira woyamba wopita kwa womenya Roberts ananyamuka, Posada wa Yankees anaponya bwino, mnzake Jeter anagwira nkumukhudza koma dzanja la Roberts linali litafika kale. Bill Mueller anamenya mpira wodutsa pakati, Roberts nkulowa, 4-4. David Ortiz anadzamaliza ndi home run mu inning ya 12 usiku utadutsa kale pakati. Mawa lake Ortiz yemweyo anamalizanso gemu mu inning ya 14, Game 6 Curt Schilling anaponya magazi akutuluka pa kakolo mpaka sokosi kufiira, Game 7 anakawina 10-3 ku Yankee Stadium konko, kenako anasesa St. Louis Cardinals magemu 4 osaluzako. Ine nkhani iyi olo ndiionere kangati pa YouTube thupi limachitabe tsemwe, ndipo nanunso muonere inning ya 9 imeneyo musanalowe macheza aliwonse. Mukangofunsa munthu wa Boston kuti "munali kuti pamene Roberts amaba base ija?" mwamutsegula pakamwa kwa theka la ola, ndipo ambiri amathera pa bambo awo kapena agogo awo amene anamwalira asanaone chikho chimenecho. Akafika pamenepo musadule, mvetserani.

Hockey nayo ili ndi zake, ndipo mdani kumeneko ndi Montreal Canadiens, timu ya zikho 24, pamene Bruins ili ndi 6. Kuyambira 1946 mpaka 1987 matimu awiriwa akakumana mu playoffs Montreal inawina ma series 18 motsatizana, Boston inadzadula unyolo umenewu mu 1988. Bala lalikulu ndi la 1979, Game 7 ya semifainolo ku Montreal Forum. Boston inali patsogolo 4-3 kutatsala mphindi zosakwana zitatu, posinthana osewera anasokonezana nkupezeka kuti pa ayisi pali anthu ochuluka kuposa ololedwa, oyimbira anapereka chilango choti Boston isewere yoperewera munthu mmodzi, Guy Lafleur wa Montreal anagoletsa kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi 14, mnzake Yvon Lambert nkumaliza mu overtime, nthawi yowonjezera. Kochi wa Boston anali Don Cherry ndipo imeneyo inali gemu yake yomaliza ndi timuyi. Akuluakulu a zaka 60 kupita mtsogolo mukangoti "too many men" amapukusa mutu ngati zachitika dzulo. Kumbali yachisangalalo dziwani Bobby Orr, nambala 4, amene anagoletsa chigoli chowinira chikho mu 1970 nkuuluka mmwamba manja ali tambasu atamukola mwendo. Chiboliboli chake ali mlengalenga choncho chili panja pa TD Garden, bwalo la Bruins, ndipo anthu amapangana kukumana pamenepo gemu isanayambe. Chikho chaposachedwa ndi cha 2011, anakachitengera ku Vancouver pa Game 7.

Kuseka mdani kuli ndi zida zake, ndipo chida chachikulu ndi chaka. Wa Toronto Maple Leafs mungomuuza kuti 1967, chaka chimene anawina Stanley Cup komaliza, kapena kungoti 4-1, chifukwa mu 2013 pa Game 7 anali patsogolo ndi zigoli zimenezo mu period yachitatu, Boston inabweza ziwiri zomaliza mu mphindi imodzi ndi theka yotsiriza ndipo Patrice Bergeron anagoletsa chofananitsa ndi chowinira chomwe. Wa Montreal muuzeni 1993. Wa Yankees muuzeni 2004, mumukumbutsenso kuti chikho chawo chomaliza ndi cha 2009 pamene Boston yawina 2004, 2007, 2013 ndi 2018. Iye adzakuyankhani kuti 27, yankho lake limakhala lomwelo nthawi zonse ndipo ndi loona, ndiye musakwiye, sekani. Lamulo lake ndi loti mukaponya mulandirenso, ndipo timu yanu ikaluza mawa lake mubwere kuntchito osabisala, muyambe ndinu kunena kuti tagwa nayo. Amene amasowa timu yake ikaluza nkumaoneka ikawina yokha anthu amamuzindikira msanga.

Pali zina zoti musaseke nazo. Buckner anavutika zaka zambiri ndi chipongwe cha anthu, anabwerera ku Fenway mu 2008 kudzaponya mpira wotsegulira nyengo bwalo lonse litaimirira kumuombera mmanja iye akupukuta misozi, ndipo anamwalira mu 2019. Wakefield anamwalira mu 2023 ndipo amakondedwa kwambiri kuno. Inu monga wobwera kumene dzina la Buckner litchuleni mwaulemu, eni ake ambiri amachita manyazi ndi mmene anamuchitira. Chikho cha Red Sox cha 2013 nachonso chimalumikizana ndi mabomba amene anaphulika pa Boston Marathon mu April chaka chomwecho, ndiye nkhani yake imakhudza anthu mozama kuposa masewero.

Za osewera amene anawolokera kwa mdani, muyembekezere kufunsidwa maganizo. Johnny Damon anali mmodzi wa ngwazi za 2004, anamenya grand slam, home run ya zigoli zinayi, pa Game 7 ija, koma 2005 itatha anasaina ku Yankees mpaka kumeta ndevu ndi tsitsi lake lalitali chifukwa kumeneko kunali lamulo lotero, ndipo atabwera ku Fenway atavala yunifomu ya mdani anamukuwiza. Wade Boggs anapitanso, Roger Clemens anadzera ku Toronto nkukathera ku Yankees komweko. Maganizo anga ndi oti wosewera ali pa ntchito ndipo ntchito yake ndi ya zaka zochepa, akapeza ndalama zabwino apite, koma sapota nayenso ali ndi ufulu wowawidwa mtima chifukwa iye alibe kopita. Mutha kunena zimenezo poyera, ena akutsutsani, ndipo macheza ake ndi omwewo.

Mukakhala ndi achikulire funsani za mabwalo akale. Boston Garden inatsekedwa mu 1995, Montreal Forum mu 1996, Maple Leaf Gardens mu 1999, Yankee Stadium yakale mu 2008, pamene Fenway ya 1912 ikadalipo ndi mipando yake yopanikiza ndi nsanamira zotchinga maso, ndipo anthu amainyadira choncho. Adzakuuzani za nthawi ya matimu 6 okha mu NHL, ligi ya hockey, kuyambira 1942 mpaka 1967, pamene osewera ankalowa opanda zipewa zoteteza mutu. Mukakumana ndi munthu wavala jezi yobiriwira ya Hartford Whalers dziwani kuti timu yake inasamutsidwa mu 1997 kupita ku North Carolina ndipo iye sanaisiye mpaka lero, chimodzimodzi a Montreal Expos amene timu yawo inapita ku Washington 2004 itatha. Ameneyo musamuseke, mufunseni za timu yakeyo.

Ndinenenso chimodzi chimene ena amachizemba. Ife akhungu lakuda tiyenera kudziwa kuti Red Sox inali timu yomaliza mu ligi yonse kulemba wosewera wakuda, Pumpsie Green mu 1959, zaka 12 Jackie Robinson atayamba kale ku Brooklyn, ndipo mu 2017 Adam Jones wa Baltimore ananena poyera kuti anatukwanidwa mawu atsankho pa Fenway. Msewu wa pabwalopo umene unali ndi dzina la mwini wakale Tom Yawkey unasinthidwa mu 2018 kubwerera ku Jersey Street chifukwa cha mbiri imeneyi. Komanso ndi Bruins yomweyi imene inalowetsa Willie O'Ree mu January 1958, munthu wakuda woyamba kusewera mu NHL, ndipo nambala yake 22 anaipachika mmwamba mu bwalo pomulemekeza mu 2022. Zonsezi ndi mbali ya timu imene mukusankha, ndipo wina akalankhula zonyoza khungu lanu ku bwalo musati ndi macheza a masewero, kauzeni achitetezo.

Gemu yoyamba musalimbane ndi ya Yankees kapena ya Canadiens, matikiti ake amakwera mtengo kwambiri. Pezani ya pakati pa sabata mu April kapena May ndi timu wamba, kwerani Green Line mutsikire pa Kenmore, tengani jekete chifukwa madzulo kumazizirabe, ndipo khalani pafupi ndi achikulire aja amalemba chilichonse cha gemu pa kapepala ndi pensulo, amakonda kufotokoza mukawafunsa. Ya hockey yambani kuonera ku bala ndi anzanu akuntchito Loweruka madzulo, TD Garden ili pamwamba pa North Station mudzapita mukazolowera kutsatira puck, kampira kaphwatalala ka hockey, ndi maso. Amene muli kumudzi ndipo mukufuna kutsatira limodzi ndi mbale wanu ali kuno, gemu ya 7 koloko madzulo ku Boston imakhala 1 koloko usiku ku Malawi nthawi ya baseball, ndipo miyezi yozizira ya hockey imakhala 2 koloko, ndiye bola kuonera zidule zake mmawa kenako muyimbirane pa WhatsApp.