Agogo, musabise za ana amene anamwalira ndi siko selo

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumagwetsa ana odwala siko selo, matenda a magazi otengera kumtundu: mafupa kuphwanya, maso achikasu, zikhatho zoyera mbee. Koma chodandaulitsa kwambiri chikuchitika pa benchi ya kuchipatala. Namwino akafunsa ngati kumtundu kunakhalapo mwana wodwala chonchi, mayi amati sakudziwa. Agogo amene amuperekeza ali duu pambali, chonsecho anaika m'manda ana awiri osakwana zaka zisanu, onse otupa manja ndi mapazi.

Kubisa kumeneku kukupweteketsa ana. Zizindikiro zimayamba mwana ali ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo zimafanana ndi malungo. Popanda wonena za kumtundu, mwana amangolandira LA, kuwonjezeredwa magazi, kubwerera kunyumba, mwezi wamawa chimodzimodzi. Maselo ofiira a munthu wabwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120, koma a mwana wa siko selo amafa pakati pa masiku 10 ndi 20. Ndiye mwana wochepa kale magazi, inu mukukamutemanso mphini m'mfundo mukuti ndi nyamakazi? Nyamakazi yotani ya khanda loyamwa?

Chotopetsa china ndi kuloza chala mayi yekha, ati magazi ake ndi oipa. Mwana sadwala pokhapokha atatengera mbewu ya matendawa kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolowo amakhala athanzi, amalima, sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Onse awiri akakhala nayo, pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi, woti angonyamula mbewuyo osadwala ndi iwiri mwa inayi, woti asatengere konse ndi umodzi. Mvetsani: mimba iliyonse imayambira pomwepo. Kubereka wodwala mmodzi sikutanthauza kuti atatu otsatira apulumuka.

Mlimi wina wa fodya, ana ake akudwala siko selo, anagulitsa mbuzi zake zonse kulipira asing'anga, kenako anamusiya mkazi, ati amene akumulodzera ana ndi akuchikazi. Anakwatira msuweni wake. Mwana woyamba wa banja latsopanolo anatupanso zala. Apa m'pamene mayi ake a mlimiyo anaulula kuti alongo awiri a mlimiyo anapita ndi matenda omwewo iye asanabadwe. Akanayankhula kale, mbuzi zikanakhalapo, banja loyamba likanakhalapo. Ndipo za chisuweni tinene poyera: achibale amakhala ndi mpata waukulu wonyamula mbewu yofanana. Ankhoswe mumafunsa za khalidwe, za mudzi, masiku ano ngakhale za kuyezetsa HIV, koma za ana amene anamwalira aang'ono simufunsa. Kwathu kuno kumene ana timawawerengera kwa amalume, mbiri ya kuchimuna ndiyo imatayika msanga, pomwe theka la nkhaniyi lili komweko.

Zochita ndi zodziwika. Agogo a mbali zonse ziwiri atchule ana amene anamwalira, msinkhu wawo ndi mmene ankadwalira, zilembedwe m'buku la kuchipatala la mwana. Pemphani kuti mwana ndi abale ake ayezedwe magazi. Zipatala za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre zili ndi kiliniki ya matendawa, ndipo chipatala cha boma lanu chingakutumizeni. Wopezeka nawo amwe folic acid tsiku lililonse, penisilini mpaka zaka zisanu, mankhwala oteteza malungo, ndi hydroxyurea ngati adokotala alemba. Mapiritsi a ayironi musagule mwa nokha. Agone m'neti, avale zofunda, asasambe madzi ozizira m'mawa, amwe madzi ambiri. Thupi likatentha, kumanzere kwa mimba kukatupa mwadzidzidzi, akamapuma movutika kapena mkono ukafooka, thamangani naye kuchipatala usiku womwewo. Mwana akafika msinkhu womva zinthu, muuzeni dzina la matenda ake, ndipo abale ake adziwe zotsatira za magazi awo asanayambe zotomera.