Momwe mungadzalire chinaka pakhomo

Ambiri timangochidziwa chinaka chili m'mbale, chophikidwa ndi chidulo ndi nsinjiro. Koma kutchire ndi duwa la m'banja la orchid lomera pansi, ndipo mitundu yomwe imakumbidwa kwambiri ndi ya Disa, Satyrium ndi Habenaria. Phiri lathuli la Zomba lili nayo, moti mtundu wina anachita kuutcha Disa zombica. Chifukwa chokumba mosasiyako, maluwawa akuchepa. N'chifukwa chake ndikufuna kuti tiyambe kudzala tokha.

Mbewu yake ndi kambatata komwe timadyako. Musakakumbe ku Chawe, pamwamba pa phirili, kumeneko ndi kunkhalango yotetezedwa ndipo a zankhalango akakupezani mulibe chilolezo ndi mlandu. Gulani kwa ogulitsa, kapena pemphani kwa munthu amene chimamera m'dambo la m'munda mwake. Sankhani kolimba, kosakhwinyata, kokhala ndi kaso (kadiso kophukira) pamwamba. Chomerachi chimapanga kambatata katsopano chaka chilichonse, kakale n'kufota, ndiye ena amasakaniza takaleto pansi pa mulu. Mtengo ndi womwewo, ndipo wakwera zedi masiku ano. Gwirani kamodzikamodzi, wogulitsa akakana pitirirani.

Tsopano dothi, ndipo apa musathamange. Changa choyamba chinawola chonse m'dothi lakuda lakudimba lothira manyowa a nkhuku. Pofukula ndinangopeza timakoko tonunkha, tofewa ngati phala. Chinaka si mbatata. Mizu yake imakhalira limodzi ndi tiulusi ta bowa tosaoneka ndi maso, tomwe timaithandiza kupeza chakudya m'nthaka. Njere zake, zomwe zimangokhala fumbi, sizimera n'komwe popanda bowayo. Manyowa amphamvu ndi feteleza zimasokoneza mgwirizano umenewu, ndipo dothi losunga madzi limawoletsa. Choncho pemphani dothi la manja awiri kapena atatu la pamalo pomwe chinakumbidwa, likadali lachinyezi. Lisakhale padzuwa kapena m'jumbo yomanga. Sakanizani ndi mchenga wokhakhala wa mumtsinje ndi masamba owolerana, muthiremonso timakala tophwanya. Mukafinya m'dzanja n'kutambasula, lizimwazika. Likagwirana, onjezani mchenga. Dothi la m'timapaketi logulitsidwa m'mbali mwa msewu ndi la maluwa ena, lisakunamizeni.

Ndowa yakale yobooka pansi ikukwanira, palibe chifukwa chogulira mphika wodula. Ikani timiyala pansi. Dzalani mvula yoyamba ikagwa, mu Novembala kapena Disembala, kaso kataloza kumwamba, kuya kwake masentimita 3 mpaka 5. Kwa ife a kumunsi kuno, ku Matawale, Chinamwali kapena Mpondabwino, kumatentha kuposa kuphiri, ndiye ndowayo ikhale pomwe pamafika dzuwa lam'mawa lokha. Mvula ikadula, thirirani ndi madzi a mvula omwe munatunga.

Maluwa amabwera mkati mwa dzinja, ngakhale chaka choyamba mwina mungoona masamba okha. Maluwawo musawathyole, asiyeni abereke njere zigwere momwemo.

Masamba akayamba chikasu, lekani kuthirira. Sichinafe, chagona. Ikani ndowayo pamthunzi pouma mpaka mvula ina, ndipo muphimbe ndi waya chifukwa makoswe amachikonda. Kudya dikirani kaye zaka zingapo chichuluke, ndipo pokumba muzisiya kambatata katsopano m'dothimo.