Momwe mungaonere chikondwerero cha zaluso cha Aichi Triennale ndi mzinda wa Nagoya

Aichi Triennale ndi chikondwerero cha zaluso chomwe chimachitika zaka zitatu zilizonse m'chigawo cha Aichi ku Japan, ndipo phata lake ndi mzinda wa Nagoya. Chinayamba mu 2010. Cha 2025 chinatsegulidwa pa 13 Seputembala n'kutsekedwa pa 30 Novembala, choncho ndondomeko ikapanda kusintha china chidzakhalako mu 2028. Nthawi yosunga ndalama ilipo. Chofunika kudziwiratu n'chakuti zionetsero zake sizikhala m'nyumba imodzi. Zina zimakhala pakati pa Nagoya, zina amakaziika m'matauni ozungulira, m'masukulu otsekedwa ndi m'mafakitale akale. Ndiye ulendo wanu udzakoma kapena kusokonekera pa nkhani imodzi, ya sitima.

1. Viza, ndege ndi ndalama

Viza mumakapempha ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe. Konzani ndondomeko ya ulendo tsiku ndi tsiku, umboni wa malo ogona, kalata ya kuntchito ndi bank statement. Pitani nokha. Madobadoba olonjeza kuti "tikudziwa munthu mkatimo" amangofuna ndalama yanu, ndipo ena amakulemberani mabukingi a hotela abodza omwe akagwidwa ndi dzina lanu lomwe limaipa. Ndege yosavuta kwa ife ndi ya Ethiopian Airlines, kudzera ku Addis Ababa mpaka bwalo la Narita pafupi ndi Tokyo. Kuchoka ku Tokyo, sitima yothamanga ya Shinkansen yotchedwa Nozomi imafika ku Nagoya pa ola limodzi ndi mphindi 40.

Anthu ambiri adzakuuzani kuti mugule JR Pass, tikiti ya alendo yokwerera masitima a makampani a JR (Japan Railways) kwa masiku angapo. Ngati ulendo wanu ndi wa Tokyo ndi Nagoya basi, musagule. Mu Okutobala 2023 ya masiku 7 anaikweza kufika pa 50,000 yen, pomwe kupita ndi kubwera pa Shinkansen sikufika ngakhale theka la ndalama imeneyo. Komanso masitima ambiri omwe mudzakwere pa chikondwererochi si a JR. Za forex mukuzidziwa kale, yambirani ku banki miyezi ingapo ulendo usanafike. Makina a ATM a m'masitolo a 7-Eleven amalandira makhadi akunja.

2. Sankhani mwezi ndi pogona

Seputembala ku Nagoya kumatenthabe, kutentha konyowa kotulutsa thukuta ngakhale utangoima. Kumapeto kwa Okutobala ndi Novembala ndiye nthawi yabwino yoyenda pansi. Gonani ku Sakae, dera la pakati pa mzindawu, osati pafupi ndi siteshoni yaikulu ya Nagoya. Chifukwa chake muchiona pa gawo lachinayi.

3. Tikiti ndi tsiku loyamba

Matikiti alipo a mitundu iwiri, ya tsiku limodzi ndi yolowera nyengo yonse ya chikondwerero. Gulani yachiwiriyo, chifukwa mtengo wake sufika wa matikiti awiri a tsiku limodzi, ndipo palibe amene angamalize zonse tsiku limodzi. Zisudzo ndi magule zimakhala ndi matikiti akeake. Gulani pa tsamba la chikondwererocho kapena pakhomo pomwepo, masamba ogulitsanso matikiti asiyeni.

Yambirani ku Aichi Arts Center, moyandikana ndi Oasis 21, malo a denga lagalasi lokhala ndi madzi pamwamba. Mu Aichi Arts Center ndi momwe muli zionetsero zambiri, kuyambira pansanjika ya 10 kumatsika. Tengani mapu apepala pakhomo ndipo muonetsetse masiku otseka. Malo ambiri osungirako zaluso ku Japan satsegula Lolemba, koma malo akunja kwa mzinda akhoza kukhala ndi tsiku lawolawo. Cha 2025 anachitsogolera Hoor Al Qasimi wa ku Sharjah m'dziko la United Arab Emirates, munthu woyamba wochokera kunja kwa Japan kupatsidwa udindowu, ndipo zinaoneka: akatswiri a ku Middle East ndi ku Africa analipo ochuluka, kuphatikizapo Wangechi Mutu wa ku Kenya. Musathamange. Makanema ena ndi aatali ndipo amafuna munthu akhale pansi.

4. Kupita ku Seto

Apa ndi pomwe ine zinandivuta, ndipo ndikufuna inu mumvetse bwino. Seto ndi tauni ya oumba mbiya kum'mawa kwa Nagoya, imodzi mwa malo asanu ndi amodzi akale kwambiri owotchera zoumba ku Japan, ndipo mu 2025 gawo lokoma kwambiri la chikondwererochi linali kumeneko. Sitima yopita ku Seto ndi ya kampani ya Meitetsu. Munthu aliyense woganiza bwino akamva zimenezi amalunjika ku siteshoni ya Meitetsu Nagoya, poti dzina ndi lomwelo. Inenso ndinatero, m'mawa wa tsiku lowala bwino, tikiti ya chikondwerero ili m'thumba.

Siteshoni imeneyi ili pansi pa nthaka ndipo ili ndi njanji ziwiri zokha, koma pa njanji ziwirizo pamadutsa masitima opita ku Gifu, Toyohashi, Inuyama, bwalo la ndege la Centrair ndi kwina, imodzi ikangonyamuka inzake yafika. Pamwamba pali zikwangwani za mitundumitundu, pansi mizere ya mitundu yomweyo, ndipo aliyense amaima pamzere wa komwe akupita. Ndinawerenga zikwangwani zonse, ndinakwera masitepe n'kutsikira mbali inayo, ndinawerenganso. Dzina la Seto panalibe. Kumeneko kulibe kondakitala wokuwa "Seto, Seto, malo awiri!" ngati pa depoti ya Wenela. Aliyense ali duu pamzere wake, maso pa foni. Pomaliza ndinapita pawindo n'kuonetsa mapu. Bambo wa yunifolomu anandilembera pakapepala mawu amodzi, Sakaemachi, n'kuloza kumtunda.

Nkhani yake ndi iyi. Njanji ya Seto ndi ya Meitetsu inde, koma siyolumikizana ndi njanji zina za kampaniyo. Imayambira payokha pa siteshoni ya Sakaemachi, yomwe ili ku Sakae, poyenda mphindi zochepa kuchokera ku Aichi Arts Center komwe ndinali dzulo lake. Ngati muli pa siteshoni yaikulu ya Nagoya, kwerani sitima ya pansi pa nthaka ya Higashiyama, ya mtundu wachikasu, tsikani pa siteshoni yachiwiri yomwe ndi Sakae, ndipo tsatirani zikwangwani za Meitetsu Seto Line. Kuchoka pamenepo ndi mphindi zopitirira pang'ono 30.

Pali msampha wina. Chakumapeto kwa njanjiyi kuli masiteshoni atatu otsatizana okhala ndi dzina la Seto: Shin-Seto, Seto-Shiyakusho-mae, kenako Owari-Seto. Yanu ndi yomalizayo, pomwe sitima imathera. Musadumphe mukangomva dzina loyamba. Ndipo nyamukani m'mawa ndithu, chifukwa malo a m'tauni amatseka kusanade, ndipo zionetsero zake n'zotalikirana moti mumayenda pansi, mwina kukwera mitunda. Tsiku lija mmawa wonse unatha, ndipo malo ena ndinawapeza akukoka zitseko.

Koma Seto ndi wofunika kumuvutikira. Chionetsero china chinali m'bafa lakale la anthu onse, mumdima, magalasi osindikizidwa masamba a zomera akuwala pamwamba pa matailosi akale. China chinali m'sukulu ya pulayimale yomwe inatsekedwa. Pakati pa malowa dutsani kanjira ka Kamagaki no Komichi, komwe makoma a nyumba anamangidwa ndi timiyala ndi timatabwa tadothi tomwe kale ankasanjira mbale mu uvuni. Agwireni ndi dzanja, ena ndi osalala ngati galasi chifukwa cha moto. Valani nsapato zosavuta kuvula ndi masokosi abwino, poti m'nyumba zakale mumalowa opanda nsapato. Tengani ndalama zapamanja, timasitolo ta mbale tambiri sitilandira khadi. Makapu a m'tinjira ta mkati ndi otsika mtengo kusiyana ndi a m'masitolo akuluakulu a ku Nagoya.

5. Aichi Prefectural Ceramic Museum

Iyi ndi nyumba yosungirako zoumba, yomwe mu 2025 inalinso ndi zionetsero za chikondwererochi. Ngakhale ili m'dera la Seto, ili kutali ndi tauni, ndiye ipatseni tsiku lake kapena theka la tsiku. Kwerani Higashiyama mpaka pothera ku Fujigaoka, kenako Linimo, sitima yoyandama pa maginito yomwe inatsegulidwa pa chionetsero cha Expo 2005. Tsikani pa Toji-shiryokan-minami. Dziwani kuti matauni ochitikira chikondwerero amasintha. Mu 2022 anali Ichinomiya, Tokoname ndi Arimatsu, choncho mapu a chaka chanu ndiwo akhale mtsogoleri.

6. Kuona mzinda

Gulani khadi ya Manaca, muziikamo ndalama, imagwira pa basi, sitima za pansi ndi Meitetsu. Loweruka, Lamlungu ndi pa 8 mwezi uliwonse pali tikiti yotchipa ya Donichi Eco Kippu yokwerera basi ndi sitima za pansi tsiku lonse, koma siigwira pa Meitetsu kapena Linimo.

Nagoya Castle inamangidwa molamulidwa ndi Tokugawa Ieyasu, wolamulira wa Japan wa nthawi imeneyo, kuyambira mu 1610, inapsa pa nkhondo mu 1945, ndipo nsanja yake anaimanganso ndi konkire mu 1959. Nsanjayo inatsekedwa mu 2018, koma nyumba yachifumu ya Honmaru Palace, yomwe anaimanganso ndi matabwa, ndi yotsegula ndipo zitseko zake zagolide n'zokwanira kukusangalatsani. Ku Toyota Commemorative Museum of Industry and Technology pitani ndithu. Ife amene timayendera magalimoto a ex-Japan tikaona kuti kampaniyi inayamba ndi makina oluka nsalu timadabwa, ndipo makinawo amawaliza inu mukuona. Doko la Nagoya ndi lomwe limatumiza kunja magalimoto ambiri ku Japan konse.

7. Zotsala

Kachisi wa Atsuta Jingu m'mawa, msika wa Osu masana ngati mukufuna zovala za kaunjika ndi zamagetsi, koma foni yakale muifunse kaye ngati ili yosakhoma. Idyani miso katsu (nyama ya nkhumba yokazinga), mapiko a nkhuku a tebasaki, ndi hitsumabushi (mpunga wa nsomba ya mkunga) kamodzi kokha chifukwa ndi yodula. M'mawa lowani mu Komeda's Coffee, mukagula khofi amakupatsani buledi ndi dzira ulere. Musasiye tip. Zinyalala zanu sungani m'chikwama mpaka ku hotela, mabini mumsewu ndi osowa.