Kukaona masamba ofiira ku Japan: tsiku ndi malo zisankhidwe pamodzi

Masamba a ku Japan safiira tsiku limodzi dziko lonse. Kufiirako kumayambira kumpoto ndi pamwamba pa mapiri, n'kumatsika pang'onopang'ono kulowera kumwera ndi m'zigwa, ndipo kumatenga miyezi yoposa iwiri kuti kufike kumapeto. N'chifukwa chake munthu wogula tikiti ya pakati pa Okutobala ali ndi mtima wokaona Kyoto amakapeza mitengo idakali yobiriwira, ndalama zitapita kale. Kwathu kuno mombo ndi tsamba zimafiira zikamaphuka masamba atsopano chilimwe chikamayamba. Kumeneko ndi masamba akale amene amafiira, atatsala pang'ono kuyoyoka, ndipo chimawafiiritsa ndi kuzizira kwa usiku. Eni akewo nyengoyi amaitcha koyo.

Ku mapiri a Daisetsuzan, pachilumba cha Hokkaido, masamba amasintha chapakati mpaka kumapeto kwa Sepitembala. Ku Nikko, kumpoto kwa Tokyo, makamaka kumtunda kunyanja ya Chuzenji, ndi chapakati mpaka kumapeto kwa Okutobala. Tokyo ndi Kyoto zimachedwa, zimafika pachimake kuyambira chapakati pa Novembala mpaka sabata yoyamba ya Disembala. Masamba amayamba kusintha kuzizira kwa usiku kukatsika pansi pa madigiri 8, choncho chaka chotentha chimachedwetsa zonse. Ngati mukukayika pakati pa masabata awiri, tengani yachiwiriyo. Kuchedwa pang'ono mumapezabe masamba ofiira ali mbwee pansi m'minda ya akachisi, pomwe kufulumira simupeza kanthu. Kampani ya Japan Meteorological Corporation imatulutsa mapu olosera masiku amenewa kuyambira mu Sepitembala ndipo imawakonzanso nyengo ikamapita, koma pofika nthawi imeneyo ndege ndi malo ogona muyenera kukhala mutagwira kale. Mapuwo akuthandizani posankha kolowera tsiku ndi tsiku.

Kwa woyamba kupitako, masiku 10 mpaka 12 kumapeto kwa Novembala, ogawidwa pakati pa Tokyo ndi Kyoto, ndiwo amabweza ndalama. Sepitembala ndi wovuta chifukwa kumatenthabe ndipo ndi nthawi ya anamondwe amene amaimitsa sitima ndi ndege. Woyenda mwezi umenewu kapena kumayambiriro kwa Okutobala asiye tsiku limodzi lopanda pulogalamu, ndipo usiku womaliza agone mumzinda umene akakwerere ndege. Amene tchuthi chake chagwera mu Okutobala alowere ku Nikko kapena ku Tohoku, chigawo cha kumpoto kwa Tokyo. Akhozanso kukumana ndi chikondwerero cha Takayama pa 9 ndi 10 Okutobala, kapena Jidai Matsuri ku Kyoto pa 22.

Malo ogona ku Kyoto ndiwo oyamba kugwira, miyezi inayi kapena isanu ulendo usanafike, ndipo sankhani amene amalola kusintha osalipira. Pa 23 Novembala ndi tsiku la tchuthi m'dziko lonse, ndipo limagwera pomwe masamba a ku Kyoto ali pachimake. Likayandikana ndi Loweruka ndi Lamlungu zipinda zimatheratu, zotsala mitengo yake imakwera kwambiri. Pa 3 Novembala napo ndi patchuthi. Kyoto ikadzadza musataye mtima, mukhoza kugona m'mizinda yoyandikana nayo ya Osaka kapena Otsu. Kuchokera ku Osaka sitima wamba yachangu imatenga mphindi pafupifupi 30, ndipo kuchokera ku Otsu ndi mphindi 10 zokha.

Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza ya alendo. Amene ali kumudzi amakafunsira ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe, ndipo amene akukhala ku South Africa kapena ku Britain amafunsira komwe akukhalako. Pamafunika pasipoti, fomu, chithunzi, umboni wa ndalama za kubanki, umboni wa ndege, ndi ndondomeko ya ulendo yolemba tsiku lililonse komwe mudzakhale ndi komwe mudzagone. Pepala lomalizali ndi limene anthu amalipeputsa. Masiku ake agwirizane ndendende ndi a ndege ndi a hotela, chifukwa akasemphana mudzaitanidwa kukafotokoza ndipo nthawi idzatha. Zonse zikakhala bwino viza imatuluka m'masiku asanu ogwira ntchito, komabe perekani mapepala kutatsala mwezi umodzi kapena iwiri. Osafulumiranso kwambiri, pakuti viza yolowera kamodzi imagwira ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe yaperekedwa.

Ethiopian Airlines imanyamula ku Lilongwe ndi ku Blantyre kudzera ku Addis Ababa, n'kukatera ku Narita, kufupi ndi Tokyo, itaima ku Seoul. Njira ina ndi yodzera ku Johannesburg kenako Doha, Dubai kapena Singapore. Mukapeza tikiti yolowera ku Tokyo n'kutulukira ku Kansai, kufupi ndi Osaka, itengeni, chifukwa imakupulumutsani ulendo wobwerera wa pasitima. Nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7, choncho tsiku lofika likhale longopuma.

Za JR Pass, tikiti yokwerera sitima za makampani a Japan Railways (JR) mopanda malire, malangizo ambiri akale ndi osocheretsa tsopano. Mu Okutobala 2023 mtengo wake udakwera kufika pa mayeni (ndalama za ku Japan) 50,000 ya masiku 7. Ulendo wa Tokyo kupita ku Kyoto pa shinkansen, sitima yothamanga kwambiri, ndi pafupifupi mayeni 14,000, kupita ndi kubwera 28,000, ndiye ngati ulendo wanu ndi umenewu wokha pasiyo ndi kuluza. Komanso simakulolani kukwera Nozomi, sitima ya maola awiri ndi mphindi 15, popanda kuwonjezera ndalama. Imayamba kupindula mukaphatikiza maulendo ataliatali angapo m'sabata imodzi, monga Hiroshima ndi Tohoku. Lembani maulendo anu onse, muwonkhetse mitengo yake, kenako muyerekeze. Za m'tauni gulani khadi ya Suica, Pasmo kapena ICOCA, yomwe mumaikamo ndalama n'kumangogunditsa pachipata cha sitima, m'basi ngakhale m'sitolo.

Chikwama chachikulu chili ndi lamulo lake. Pa shinkansen ya pakati pa Tokyo ndi Osaka, ngati utali, mulifupi ndi msinkhu wake pamodzi zipitirira masentimita 160, muyenera kugwiriratu mpando wokhala ndi malo a katundu, apo ayi mulipira mayeni 1,000. Chosavuta ndi kutumiza chikwamacho kuchokera ku hotela ina kupita ku inzake kudzera kwa onyamula katundu ngati Yamato. Kawirikawiri chimafika mawa lake, choncho sungani zovala za usiku umodzi m'kachikwama kam'manja.

Kwacha simungaisinthe kumeneko. Poti ndalama zakunja zimavuta kupeza, yambani msanga kufunsa kubanki kwanu, ndipo mufunsenso malire a zomwe khadi yanu ingalipire kunja, kuti isakakanike pakauntala ya hotela. Makina otapira ndalama a m'masitolo a 7-Eleven ndi a ku positi ofesi amalandira makhadi akunja. Khalani ndi mayeni m'thumba nthawi zonse chifukwa akachisi ndi malo odyera ang'onoang'ono ambiri safuna khadi. Inshuwalansi ya ulendo musaisiye, mlendo amalipira yekha bilu yonse ya chipatala.

Tsiku limafupika kwambiri. Kumapeto kwa Novembala dzuwa limalowa cha m'ma 4:30 madzulo ku Tokyo, ndipo akachisi ambiri amatseka pakati pa 4 ndi 5 koloko. Malo atatu patsiku ndi okwanira. Lawirani: ku Kyoto kachisi wa Kiyomizu-dera amatsegula 6 koloko m'mawa, ndipo ku kachisi wa Tofukuji, komwe mumaona chigwa cha masamba ofiira muli pamlatho wa Tsutenkyo, fikani asanatsegule chifukwa pofika 10 koloko mumangoyenda mokankhana. Madzulo ena muwasungire kachisi wa Eikando, kumene amayatsa magetsi pansi pa mitengo. Malo otere nthawi zambiri amatulutsa anthu a masana n'kugulitsanso matikiti ena a usiku. Mabasi a mu Kyoto amadzadza ndi kutsekeka pamsewu nyengo imeneyi, bola sitima ndi miyendo. Ku Tokyo kuli msewu wa mitengo yachikasu ya ginkgo ku Meiji Jingu Gaien, munda wa Rikugien, ndi phiri la Takao la mamita 599, ulendo wosakwana ola kuchokera ku siteshoni ya Shinjuku, lomwe ndi bwino kulikwera m'kati mwa sabata. Ku Nikko msewu wa Irohazaka, wa makona 48, umatsekeka kwa maola ambiri Loweruka ndi Lamlungu masamba akafiira, ndiye kwerani basi yoyamba. Oyenda m'nkhalango za Tohoku ndi Hokkaido asamale zimbalangondo, zomwe zimayendayenda kwambiri nyengoyi pofuna chakudya chisanu chisanafike. Tsatirani zikwangwani ndipo musayende nokha mbandakucha kapena chisisira.

Kuzizira kwake kuli ngati kwa ku Dedza mu Juni, m'mawa kumaluma koma masana padzuwa kumafunda, ndipo m'sitima amatenthetsa. Valani zophatikiza zovulika mosavuta, ndi nsapato zosavuta kuvula, ndi masokosi abwino, chifukwa m'akachisi mumayenda pamatabwa ozizira opanda nsapato. Magetsi ndi a mavoti 100 ndipo pulagi ndi ya mano awiri aphanthiphanthi, choncho tengani adaputala. Chaja ya foni yolembedwa 100–240V igwira ntchito, koma ayironi ndi chowumitsira tsitsi za kwathu zisiyeni.

Polongedza, nyama ya mtundu uliwonse isalowe m'chikwama, kaya yowuma, kaya soseji, kaya biltong yogula pabwalo la ndege, ndipo zipatso zosaphika nazo n'zoletsedwa. Mankhwala ena a chimfine okhala ndi pseudoephedrine kapena codeine ali ndi malire okhwima, ndipo wonyamula mankhwala a dokotala opitirira mwezi umodzi amafunika chilolezo chotchedwa Yunyu Kakunin-sho, chofunsiratu asananyamuke. Lembetsani pa Visit Japan Web, tsamba la pa intaneti la boma la Japan, kuti mukadutse msanga pachipata, ndipo mukalowa yendani ndi pasipoti paliponse chifukwa lamulo limatero kwa mlendo. Njala ikakupezani panjira, funsani yakiimo, mbatata yootcha pamiyala yotentha imene imayamba kugulitsidwa kukazizira.