Dzuwa likalowa chokani pakuya, walleye yapita ku miyala

Mu October, pa nyanja za ku Minnesota ku America ndi ku Ontario ku Canada, madzulo aliwonse mumaoneka zomwezomwezo. Dzuwa lalowa kale koma maboti akadali chiimire pakati pa nyanja, pa madzi akuya mamita 10 kapena 12, paja anapha bwino nsomba ya walleye mu July. Eni ake akubwerera chimanjamanja n'kumati nsomba zatha. Zathera kuti? Zasamuka, mwatsalira ndinu.

Yang'anitsitsani diso la walleye. Kumbuyo kwake kuli kachikopa konyezimira kamene kamabweza kuwala, n'chifukwa chake mukaiunika maso ake amanyezimira ngati a mphaka. Masana dzuwa limaithobwa, ndiye imakhala pansi. Mdima ukangoyamba imaona bwino kuposa nsomba ya perch ndi tinsomba tina timene imadya, choncho imakwera kukasaka pa miyala ya m'mphepete, pa madzi a mita imodzi kapena awiri okha. Nyengo imeneyi ndiye zimanyanya. Madzi a pamwamba akazizira kufika cha m'ma digiri 10, amasakanikirana ndi a pansi, mpweya n'kufika paliponse, ndipo nsomba imayenda mmene ikufunira. Kumapeto kwa October mpaka mu November nsomba ina yotchedwa cisco imabwera kudzaikira mazira pa miyala yosaya, achule nawonso amalowa m'madzi kuthawa chisanu. Chakudya chonsecho chili kugombe. Inu pakati pa nyanja mukudikira chiyani?

Kutaya petulo ndi nyambo n'kochepa. Chowawa n'chakuti walleye singathe kutulutsa msanga mpweya wa m'kathumba kake ka m'mimba. Mukaikoka kuchokera kupitirira mamita 9, kathumbako kamafufuma, maso amatong'oka, nthawi zina chifu chimatulukira kukamwa. Tsono nyanja zambiri zili ndi lamulo la msinkhu: nsomba ya utali wakutiwakuti muibwezere m'madzi. Mwaibwezera, koma ikungoyandama chagada mpaka mbalame zitaitola. Ndiwo mulibe, nsombayo yafa, ndipo zikuluzikulu zotere kawirikawiri ndi zazikazi zoti zikaswe mu April kapena May. Zoiboola ndi singano kuti mpweyawo utuluke zisiyeni, zambiri zimakafera pansi inu osaona.

Bambo wina amene anakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi anamvera ndithu, anasendera ku miyala. Koma anapita ndi nyali yowala kwambiri n'kuiloza m'madzi, ati usipa kwawo amauitana ndi nyali. Usipa umabweradi pa kuwala, walleye imathawa. Anaona timaso tambirimbiri tikunyezimira pansi pa boti, kenako zii. Usiku wonse sanamve kugwedeza ngakhale kamodzi, pomwe anzake patsogolo pang'ono, mumdima, ankangokoka. Tochi ya pamutu ndi yomasulira mbedza, muiyatse mutafulatira madzi. Kugwetsa nangula kapena pulayala m'boti la aluminiyamu pa madzi osaya n'chimodzimodzi, phokosolo limaithawitsa.

Nanga mutani? Masana funani potsetsereka, pomwe pansi pamagwa msanga kuchoka mamita 4 kufika 8. Jig (mbedza ya mutu wolemera) ikhale ya magalamu 7 mpaka 10, kukakhala mphepo onjezerani kulemera kuti chingwe chiime chilili ndipo muzimva pansi. Nyambo ikhale yaikulu, nsomba ya chub ya masentimita 10 mpaka 15, osati timinnow, tinsomba ting'onoting'ono ta mu May. Ikaluma musatsomphole pomwepo, ipatseni kamphindi. Tsiku la mitambo ndi mafunde yambani kugombe kumene mphepo ikuwomba, madzi akavunduka imakwera ngakhale masana.

Usiku kokani nyambo yapulasitiki kapena yamtengo yosamira kwambiri, monga Rapala Husky Jerk kapena Original Floating nambala 13, mamita 25 mpaka 35 kumbuyo kwa boti, liwiro la makilomita 2 kapena 3 pa ola. Madzi akamazizira chepetsaninso. Masiku a mwezi wathunthu ndiwo ambiri amawadalira pa nyanja ya Mille Lacs ku Minnesota, koma malamulo a kumeneko amasinthasintha, werengani a chaka chino musananyamuke. Opanda boti aponye ali pa doko, ngati mmene amachitira ku tawuni ya Huron ku America, pa nyanja ya Lake Erie. Miyalayo muione kukadawala, jekete yoyandamitsa muvale osati kukhalira, ndipo nyambo yamoyo yotsala musaikhuthulire m'nyanja, ku Minnesota ndi mlandu.